Ufa wa Achimwene M'chigubu cha Timu

1. Cholakwa

Namzeze anathira ufa wa achimwene ake m'madzi akumwa a anzake popanda kuwauza. Ufawo anachita kuba, ndipo anzakewo atadabwa ndi kuwawasa kwa madzi, iye anawanamiza. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chinachitika mwangozi.

Mtsikanayu sanali mwana wosaleredwa. Amayi ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo anakulira m'manja mwa bambo ake, mmisiri wokonza mawotchi ndi mawailesi. Bambowa sankalola mwana kulandira chinthu ndi dzanja limodzi, kapena kuyankha munthu wamkulu akuyang'ana kumbali. Dzina lakuti Namzeze anamupatsa ndi anzake a kusukulu chifukwa cha liwiro lake.

Pasukulupo panali timu ya atsikana anayi othamanga mopatsirana kamtengo. Woyamba kuthamanga anali Namzeze, amenenso anali mtsogoleri wa timuyo. Pakati pankathamanga mapasa awiri amene ngakhale aphunzitsi sankawasiyanitsa. Womaliza anali Katsabola, mtsikana wochepa thupi koma wakuthwa pakamwa, mnzake wa Namzeze kuyambira ali ana.

Timuyi inali ndi mwambo wake. Tsiku la mpikisano, onse anayi ankamwera chigubu chimodzi. Wotunga madzi ndi wonyamula chigubucho anali mtsogoleri yekha, ndipo wina aliyense sankaloledwa ngakhale kumasula chitsekerero. Ankamwa motsatana monga momwe ankathamangira. Womaliza ankayenera kugugudiza madzi onse otsala, kenako n'kuzondotsa chigubu kuti anzake aone kuti chauma.

Amene anayambitsa mwambowu anali aphunzitsi a masewero, mayi wachikulire wa mawu ochepa. Tsiku limene ankapereka chigubu kwa Namzeze anayankhula pamaso pa onse.

"Kubwalo la mpikisano kumasonkhana anthu a mitima yosiyanasiyana," anatero. "Musalandire chakumwa kwa munthu amene simukumudziwa, ngakhale akusekerereni chotani. Muzimwa madzi awa okha. Iwe Namzeze, sindikukupatsa chigubuchi chifukwa chakuti ndiwe waliwiro. Ndikukupatsa chifukwa ndiwe amene ndingakusiyire ana a eni ake, ine n'kutembenuka kukachita zina. M'chigubumu muzilowa madzi basi. Wamva?"

"Ndamva, aphunzitsi," anayankha Namzeze, n'kulandira chigubucho ndi manja awiri.

2. Botolo la achimwene

Mpikisano waukulu wa sukulu zonse za m'deralo unayandikira. Chaka chapitacho timu ya Namzeze inagonja pang'ono zedi, ndipo chaka chino opambana ankayenera kupitirira ku mpikisano wa dziko lonse. Vuto linali lakuti Katsabola anali atangochira kumene chimfine, ndipo pokonzekera ankafika pamzere ali wefuwefu.

Madzulo oti mawa lake ndi mpikisano, Namzeze anapeza achimwene ake kuseri kwa nyumba akunyamula zitsulo. Zitsulozo zinali zitini ziwiri zodzaza simenti, zolumikizidwa ndi paipi. Atamaliza, anatsegula botolo lalikulu loyera, anatapa ufa ndi supuni, nausakaniza m'kapu ya madzi.

"Kodi mumamwa chiyani tsiku ndi tsiku, achimwene?" anafunsa Namzeze.

"Zimenezi si za ana asukulu," anatero achimwene akewo akupukuta thukuta. "Umenewu umatchedwa asipatiki asidi. Taona mikono iyi. Ukuganiza kuti inamera yokha?"

"Ine ndimaona ngati mwalumidwa ndi njuchi."

"Seka iwe. Supuni imodzi yokha, magazi amayamba kuthamanga, kutopa konse n'kuthawa. Ukhoza kunyamula galimoto."

"Nanga bwanji dzulo munakanika kunyamula ndowa ya madzi ababa atakutumani?"

"Nsana, chemwali, nsana. Mphamvu izi n'zoonetsa, si zotungira madzi."

Anaseka onse awiri. Koma achimwene ake atalowa kubafa, Namzeze sanachoke pomwepo. Anayang'ana botololo, anayang'ana kukhomo. Kenako anatenga kapepala ka pulasitiki, anatapa masupuni angapo odzaza, nakamanga bwinobwino. Anati supuni imodzi ndi ya munthu mmodzi, ndiye anthu anayi afunika yambiri. Masamu ake anathera pamenepo.

M'mawa mwake anatunga madzi pampopi, anathira ufa wonse m'chigubu, nakhutchumula. Atalawa, anapeza kuti madziwo akuwawasa. Anafinyiramo ndimu kuti apeze chonena.

3. Kubwalo la mpikisano

Bwalo linadzaza. Ana asukulu anakhala m'magulu ndi mayunifolomu awo, akuimba ndi kumenya zitini. Chigubu chinakhala pamthunzi m'mawa wonse, pansi pa benchi, osagwedezedwa ndi munthu.

Nthawi yawo itayandikira, atsikana anayi aja anaima mozungulira monga mwa mwambo wawo. Namzeze anamasula chitsekerero nayamba kumwa. Madzi a pamwamba anali oyera, owawasa pang'ono. Mapasa anamwa motsatana, akukwinya nkhope mofanana.

"Madziwa atani?" anafunsa mmodzi wa iwo.

"Ndafinyiramo ndimu," anatero Namzeze. "Amachotsa ludzu msanga."

Katsabola analandira chigubu, anamwa pang'ono, naima.

"Iwe Namzeze, ndimu wako ameneyu anamera pamchenga? Ndikumva zinthu m'mano."

"Imwa msanga, akutiitana."

"Ukandiphe ndi ndimu lero, udzathamanga wekha mbali zonse zinayi," anatero Katsabola. Mapasa anaseka. Katsabola anatseka maso, anapendeketsa chigubu, nagugudiza zonse mpaka nsenga zoyera zimene zinakhazikika pansi. Anazondotsa chigubu, ndipo sichinadonthe kanthu.

Mluzu unalira. Namzeze anathamanga bwino, mapasa sanagwetse kamtengo, ndipo Katsabola analandira ali wachiwiri. Pokhota pomaliza anamudutsa mtsikana amene anali patsogolo. Bwalo lonse linaimirira. Anadutsa mzere ali woyamba, anapitirira pang'ono, kenako anagwada pansi atagwira pachifuwa.

Namzeze anathamangira komweko akuganiza kuti mnzake wangotopa. Anamupeza akusanza, milomo itayera, manja akunjenjemera.

"Mtima," anatero Katsabola movutikira. "Mtima ukufuna kutuluka."

Aphunzitsi a masewero anafika, anaika dzanja pakhosi pa mwanayo, ndipo nkhope yawo inasintha. Sanafunse munthu aliyense. Anamunyamula okha kupita naye kugalimoto.

4. Pabenchi la kuchipatala

Anamwino anauza aphunzitsi ndi atsikana atatu aja kuti adikire pabenchi lalitali la m'khonde, moyang'anana ndi chitseko cha chipinda cha odwala mwadzidzidzi. Namzeze anakhala kumapeto, chigubu chopanda kanthu chili pamiyendo pake. Mapasa anakhala pafupi naye, akusisita manja awo amene ankanjenjemera pang'ono.

Posakhalitsa anafika amayi a Katsabola. Anachokera kuntchito yawo yosoka zovala, tepi yoyezera idakali m'khosi. Atamuona Namzeze anamugwira paphewa.

"Mwanangu, wachita bwino kubwera naye. Usalire, akhala bwino."

Namzeze anayang'ana pansi.

Chitseko chinatseguka ndipo anatuluka adokotala, bambo waimvi wovala magalasi. Anapereka moni kwa amayi ndi kwa aphunzitsi, kenako anafotokoza.

"Tamuika diripu ndipo kusanza kwachepa. Koma mtima ukuthamanga kwambiri, ndipo nthawi zina ukudumpha. Ndiyenera kudziwa chifukwa chake. Kodi anadwalapo mtima? Kodi wamwa mankhwala ena alionse lero? Wadya chiyani, wamwa chiyani?"

"Wadya buledi ndi dzira m'mawa, ndinamukonzera ndekha," anatero amayi aja. "Mankhwala a chimfine anasiya kale."

"Kubwalo ana anga samwa china chilichonse kupatula madzi a m'chigubu icho," anatero aphunzitsi molimba mtima. "Ndipo amene amatunga ndi uyu. Pa ameneyu ndilibe nkhawa."

Adokotala anatembenukira kwa Namzeze.

"Munali chiyani m'madzimo, mwana wanga?"

"Ndimu basi, adokotala."

Mawuwo anatuluka mosavuta, ndipo palibe amene anawakayikira. Adokotala anagwedeza mutu.

"Ngati ndi choncho, ndiyenera kuganiza kuti vuto lili mumtima mwenimwenimo. Nthawi zina chimfine chimafika kumtima, ndipo munthu akathamanga asanachire bwino zimavuta. Timutumiza kukayezedwa zambiri. Amayi, ndikuuzeni pasadakhale: ngati tipeza kuti mtima ndi wofooka, mwana wanu sadzathamanganso."

Adokotala atalowa, amayi a Katsabola anakhala pabenchi pafupi ndi Namzeze. Anavula tepi ija m'khosi nayamba kuikulunga pachala.

"Ndine ndalakwa," anatero. "Ndinamva ndithu akutsokomola dzana. Mtima unandiuza kuti mwana asapite, koma anandichonderera, ine n'kulola. Mayi wanji wotumiza mwana wodwala kukathamanga padzuwa? Ndimuuza chiyani akadzuka?"

Aphunzitsi anayesa kuwatonthoza. Mapasa anayamba kulira. Namzeze anakhala pomwepo, pafupi kwambiri moti ankamva kupuma kwa mayiwo, ndipo sanatsegule pakamwa. Patapita kanthawi anaimirira, nanena kuti akupita kukadziwitsa bambo ake.

5. Patebulo la mawotchi

Atafika kunyumba sanalowere kukhomo la kumaso, kumene kunali kachipinda kogwiriramo ntchito bambo ake. Anazungulira kuseri, analowa kuchipinda kwa achimwene ake, natenga botolo lija pansi pa bedi. Anatuluka nalo mpaka kudzala la zinyalala.

Anaima pamenepo, botolo lili m'manja, chitsekerero atamasula kale. Nkhuku za oyandikana nawo zinabwera kudzaona ngati akutaya chakudya. Anaima mpaka nkhukuzo zinatopa n'kubalalika. Kenako anatsekanso botololo, nabwerera nalo.

Bambo ake anali atawerama patebulo, kagalasi kali padiso, akutola kachitsulo kakang'ono ka m'wotchi. Namzeze anaodira, analowa, anaika botolo patebulo ndi manja awiri, nagwada pafupi ndi chitseko.

"Ababa, ndalakwa."

Bambowo anachotsa kagalasi padiso, anavundikira wotchi ndi kansalu, natembenuza mpando.

"Nena zonse, kuyambira poyamba. Usadumphe pamene pakukuchititsa manyazi."

Namzeze ananena zonse: za kuba, za ndimu, za nsenga zimene Katsabola anameza, ndi za bodza limene anauza adokotala. Bambo ake sanamudule mawu. Atamaliza, anaitana achimwene ake, amene anabwera akutafuna kanthu, koma ataona botolo patebulo anameza msanga naima chilili.

"Ndiyamba ndi iwe, mwana wamkazi," anatero bambowo. "Anthu amandibweretsera mawotchi awo, ena a makolo awo amene anamwalira kale. Amandisiyira n'kupita, osaona zimene ndikuchita m'katimo. Ndikhoza kuchotsa chitsulo chabwino n'kuikamo chachabechabe, mwini wake osadziwa. Sindichita zimenezo, ndipo n'chifukwa chake inu mwakula mukudya. Iwe anakusiyira chinthu choposa wotchi. Anzako anamwa osayang'ana m'chigubu chifukwa chinachokera m'manja mwako.

"Ukhoza kunena kuti unkafuna kuwathandiza. Chabwino. Nanga bwanji sunawafunse? Sunawafunse chifukwa unkadziwa kuti akana, ndipo unkadziwa kuti aphunzitsi akana. Chinthu chimene munthu akuchita mobisa amakhala atachiweruza kale yekha. Thupi la mnzako si lako. Ulibe ufulu woikamo ngakhale mchere iye asakudziwa.

"Koma zonsezi ndikanazitcha uchitsiru wa ubwana. Chimene chandipweteka ndi cha pabenchi paja. Dokotala anakufunsa kuti apulumutse mnzako, iwe n'kumusokeretsa. Mayi anadziimba mlandu pamaso pako, iwe n'kumusiya asenze katundu wako. Pamenepo sunali mwana wosadziwa. Unkadziwa, ndipo unasankha."

Namzeze analira mwakachetechete, misozi ikugwera pasimenti.

"Kulirako usunge, kulibe ntchito pakali pano," anatero bambo ake. "Dzuka, nyamula botolo. Iwenso mnyamata, vala malaya, ukafotokoze kumene unatenga zinthu zimenezi."

Bambowo anavala jekete, anatseka kachipinda kawo dzuwa lisanalowe, chinthu chimene sankachita ngakhale atadwala. Panjira anamuuza Namzeze kuti atsogole. Iwo anayenda pambuyo pake.

6. Mawu a adokotala

Anawapeza onse ali pabenchi pomwe paja. Bambo a Namzeze anavula chipewa, anapereka moni kwa amayi a Katsabola ndi kwa aphunzitsi, napempha namwino kuti aitane adokotala. Adokotala atatuluka, bambowo anabwerera m'mbuyo.

"Mwanayu ali ndi mawu," anatero.

Namzeze anapereka botolo. Mawu ake anali otsika kwambiri moti bambo ake anamuuza kuti abwereze mokweza. Anabwereza, ndipo aliyense pabenchipo anamva.

Adokotala sanataye nthawi ndi kukalipa. Anafunsa kuchuluka kwa ufa, nthawi imene anathira, ndi amene anamwa komaliza. Analowa m'chipinda muja mofulumira, anakapereka malangizo kwa anamwino, ndipo anatuma wina kuti ayeze mapasa ndi Namzeze yemwe. Atabwerako anatsegula botolo, ananunkhiza, nayang'ana achimwene a Namzeze.

"Botololi ndi lakale, ndipo ufawu si umene unabwera nalo. Mumautenga kuti?"

"Kwa mnzanga wina kumalo onyamulira zitsulo, adokotala. Amatapa m'thumba lalikulu n'kutidzazira."

"Ndi asipatiki asidi yekha?"

Achimwene aja anakanda m'mutu. "Amati amasakanizamo kena kake, kuti munthu ukamwa uzimva kuti zikugwira ntchito."

"Kena kake kotani?"

"Sindikudziwa, adokotala."

"Simukudziwa, koma mumamwa tsiku ndi tsiku." Adokotala anavula magalasi. "Khalani pansi nonse awiri, ndikuuzeni, chifukwa ndatopa kulandira achinyamata ogonekedwa ndi mabotolo otere.

"Asipatiki asidi si chinthu chachilendo m'thupi. Ndi kamodzi mwa tizigawo ting'onoting'ono timene timalumikizana kupanga mapuloteni, zija mumaphunzira kusukulu kuti zomanga thupi. Ntchito yake ndi yaikulu ndithu. Thupi likagwiritsa ntchito mapuloteni pamatsala zoipa, ndipo iye amathandiza chiwindi kuzisandutsa kuti zituluke ndi mkodzo. Amathandizanso thupi kupeza mphamvu kuchokera m'chakudya, ndiponso amagwira nawo ntchito yotumiza mauthenga mu ubongo ndi m'mitsempha.

"Koma tamverani apa. Thupi la munthu wathanzi limadzipangira lokha asidi ameneyu. Kuonjezera apo, amapezeka m'mazira, m'nyemba, m'nsomba, m'nyama, mumkaka ndi mumtedza. Dzira limene mayi awa anamuphikira mwana wawo m'mawa linali naye kale. Palibe mmodzi wa inu amene ankamusowa.

"Ogulitsa amalonjeza minofu ndi mphamvu. Akatswiri atayesa pa amuna akuluakulu, ena anapeza kusintha pang'ono, ena sanapeze kanthu. Ine sindinamvepo wina atasonyeza kuti mwana wasukulu akamwa m'mawa, masana athamanga kwambiri. Chinthu kukhala chofunika m'thupi sikutanthauza kuti ukachulukitsa upindula.

"Tsopano choopsa ndi ichi. Asipatiki asidi yekha, wochuluka chonchi, akhoza kupweteketsa m'mimba ndi mutu, koma sindikhulupirira kuti ndiye wathamangitsa mtima chonchi. Ndikukayikira kena kake kaja. Ufa wopanda mwini, wotapidwa m'thumba, ukhoza kukhala ndi mankhwala amphamvu amene mnyamata wamkulu ngati uyu angawapirire kwa kanthawi, koma kamtsikana kochepa thupi, kongochira kumene, kothamanga padzuwa, sikangawapirire. Ufawu ndiutumiza kukayezedwa.

"Ndipo iwe mtsikana, dziwa kuti ufa wotere susungunuka msanga m'madzi ozizira. Chigubu chitakhala pansi m'mawa wonse, wambiri unakhazikika pansi. Iwe unamwa madzi a pamwamba. Gawo lako, ndi la anzako awiriwa, analimeza mnzako yekha."

Namzeze anaphimba nkhope ndi manja. Bambo ake anamuuza kuti achotse manjawo, amve bwino.

"Kodi achira?" anafunsa aphunzitsi.

"Tsopano ndikudziwa chimene ndikulimbana nacho, ndiye ndili ndi chiyembekezo. Agona kuno kuti tiziyang'anira mtima mpaka mankhwalawo atatha m'thupi. Mukanandiuza poyamba paja, sitikanataya nthawi kufunafuna matenda amene mwina kulibe. Chinthu chimodzi ndikupempha: musamuuze lero kuti wachita izi ndani. Mtima wake sukufunika nkhani zoterezi pakali pano."

Adokotala atachoka, aphunzitsi a masewero anatambasula dzanja, ndipo Namzeze anadziwa chimene ankafuna. Anawapatsa chigubu.

Bambo a Namzeze anapita pamaso pa amayi a Katsabola, chipewa chili pachifuwa, napepesa m'malo mwa nyumba yawo yonse. Mayiwo anawayankha mwaulemu. Kenako anatembenukira kwa Namzeze, amene anali atagwada pansi. Sanakweze mawu.

"Wakulira m'nyumba mwanga iwe. Yunifolomu wavalayo ndinakusokera ndine. Za ufazo ndikhoza kumvetsa, ana mumapusitsana. Koma unali pompano, phewa lako likukhudza langa, pamene ndinkanena kuti ndapha mwana wanga ndekha. Unandimva?"

"Ndinakumvani, amayi."

"Unandimva," anatero mayiwo. Anaimirira, nalowa kukaona mwana wawo.

7. Chilango

Sukulu itatsegulidwa sabata yotsatira, Namzeze ndi bambo ake anaitanidwa ku ofesi ya aphunzitsi aakulu. Aphunzitsi a masewero analiponso. Bambowo anakana mpando, nati aima pamodzi ndi mwana wawo.

Aphunzitsi aakulu anati aganizira zinthu ziwiri: kuti Namzeze ananama pamene moyo wa mnzake unali pangozi, ndiponso kuti pambuyo pake anakaulula yekha kwa bambo ake popanda womukakamiza. Chachiwirichi ndicho chinamupulumutsa kuti asachotsedwe sukulu. Kenako anatchula chilango.

Namzeze anachotsedwa pa utsogoleri wa timu, ndipo analetsedwa kuthamanga m'dzina la sukulu mpaka chaka chitatha. Sukulu inadziwitsa okonza mpikisano zimene zinachitika, inabweza chikho chimene timuyo inapambana, ndipo malo a timuyo ku mpikisano wa dziko lonse anaperekedwa kwa amene anali achiwiri. Mapasa ndi Katsabola, amene sanalakwe kanthu, anataya mwayiwo limodzi naye. Analamulidwanso kuima pamaso pa sukulu yonse pa msonkhano wa m'mawa ndi kufotokoza ndi pakamwa pake zimene anachita. Kunyumba, bambo ake analanda botolo lina limene linapezeka m'chikwama cha achimwene ake, ndipo anawatuma kukaonetsa akuluakulu a zaumoyo kumene ufawo unkachokera.

Mbali yomaliza ya chilango sinachokere kusukulu. Anaipempha ndi amayi a Katsabola, ndipo aphunzitsi aakulu anavomera. Katsabola anali atatuluka m'chipatala, akupumula kunyumba, ndipo anali asanauzidwe kanthu. Ankafunsa tsiku lililonse chifukwa chimene mnzake sakubwera kudzamuona, ndiponso tsiku limene timu inyamuke. Mayiwo anati iwo samuuza, aphunzitsi asamuuze, mapasa asamuuze. Namzeze apite yekha asanaime pamaso pa sukulu, popanda bambo ake, akakhale pafupi ndi bedi la mnzakeyo, amuuze zonse.

Aphunzitsi aakulu anamuuza kuti apite masana a tsiku lomwelo, akaweruka.